Mawu oti "yake" m'malangizo a SFTP akusocheretsa anthu

Wolemba malangizo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza kabuku kothandiza anzathu a kuofesi kutenga mafayilo pa seva (kompyuta yosunga mafayilo a kuofesi) ali kunyumba, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya FileZilla kudzera pa SFTP, njira yotetezeka yotumizira mafayilo. Muli chiganizo ichi: "Kompyuta ikalumikizana ndi seva, tsegulani foda yake n'kukoperamo fayilo." Anthu atatu andiimbira kale kufunsa kuti "yake" ndi ya chiyani. Wina anakopera mobwerera, fayilo yakale ya palaputopu n'kufufuta yatsopano ya pa seva. Zandikhudza kwambiri chifukwa ntchito yake ya sabata yonse inapita. Koma galamala ndikuiona ili bwino.

Womasulira: Achimwene, galamalayo ndi yolondoladi, chasocheretsa ndi mgwirizano wa mayina. Kompyuta, seva, foda ndi fayilo onsewa ali m'gulu limodzi, la I-Zi. Ndiye "yake", "iyo" ndi "ija" zikhoza kuloza chilichonse mwa zinayi. Kusukulu anatiphunzitsa kupewa kubwereza mawu, koma m'malangizo bwerezani dzina osaopa. Nenaninso kumene fayilo ikuchokera ndi kumene ikupita. Mu FileZilla mbali ya kumanzere ndi kompyuta yanu, ya kumanja ndi seva. Chiganizo chimodzi chikhale ndi ntchito imodzi.

Woyang'anira seva: Mayi anena zoona. Ine pempho langa ndi lakuti pokonza galamala musakhudze malamulo olemba pa terminal, zenera lomwe timalembamo mawu olamula kompyuta. Kwathu wina anachotsa kamzere kopendekeka kumapeto kwa `rsync -a malipoti/` poganiza kuti kanalembedwa molakwika. Kamzereko kakakhalapo, rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, imakopera za m'kati mwa foda. Kakachoka, imanyamula foda yonseyo n'kukaiika m'kati mwa inzake. Tinatha tsiku tikufunafuna malipoti. Word nayo imatha kusandutsa timizere tiwiri kukhala mzere umodzi wautali, lamulo n'kukana kugwira. Ndipo musaike mpumiro kumapeto kwa lamulo, anthu amakopera ndi mpumiro womwe.

Womasulira: Onaninso ngati penapake sanalembe FTP m'malo mwa SFTP pofuna kufananitsa mawu. Ndi zinthu ziwiri zosiyana: SFTP imadutsa pa SSH, njira yobisa zomwe zikutumizidwa, poti 22 (poti ndi nambala ya khomo lolowera pa seva), pomwe FTP wamba ndi poti 21 ndipo pasiwedi imayenda yosabisika.

Wolemba malangizo: Ndapezadi FTP pamalo awiri, ndakonza. Chiganizo chija tsopano chikuti: "Kuti mutenge fayilo pa seva, ipezeni kumbali ya kumanja. Ikokereni kumbali ya kumanzere, komwe ndi kompyuta yanu. FileZilla ikafunsa zofufuta fayilo yomwe ilipo kale, yambani mwaona tsiku la mafayilo onse awiri." Zili bwanji?

Woyang'anira seva: Zamveka. Musanatumize kwa onse, mupatseni amene anataya fayilo uja ayese yekha, inu muli chete pambali. Pomwe aime n'kufunsa, mukonzenso pomwepo.