Desktop yayamba blue screen nditawonjezera RAM, kasitomala akundisowetsa mtendere

Wa_ku_Ginnery:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Desktop ya kasitomala wanga, processor i5-7500, ma slot a RAM anayi, inabwera ndi RAM imodzi ya 8GB, DDR4 2400. Amadandaula kuti Excel ndi Chrome zikatsegulidwa limodzi imakwawa. Lachiwiri ndinagula 8GB ina ku Limbe, pa sitika palembedwa PC4-3200AA, ndaika, BIOS (pulogalamu ya pa board yoyatsa makina) yaona 16GB, Windows yaona 16GB, ndalandira yanga ndabwerera. Mawa lake foni. Blue screen. Koyamba MEMORY_MANAGEMENT, kenako IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, lero m'mawa Chrome ikungodzitseka yokha. mdsched, pulogalamu ya Windows yoyesera RAM ija, ndayendetsa kawiri, akuti palibe vuto. sfc /scannow, yofufuza mafayilo a Windows, yapeza mafayilo owonongeka, yakonza, patapita ola imodzi yagwanso. Ndachotsa RAM ndi kubwezeretsa katatu. Makinawa ndi omwe amapangira malipiro a antchito, mwezi ukutha Lachisanu, bwana wake akuimba ngati ndinamubera mbuzi. Ndipange format kapena?

Zamagetsi_Ndirande:
Power supply imeneyo achimwene. Musavutike ndi zambiri.

Madala_a_Sodala:
Format ayi mwana wanga. Ukaika Windows pa RAM yodwala, Windows yatsopanoyo ibadwa yolumala kale, chifukwa fayilo iliyonse imadutsa mu RAM isanakhale pa disk. Mafayilo amene sfc yapezawo mwina yawononga ndi RAM yomweyo. Ndiye choyamba, chotsa yatsopanoyo lero lomwe, makina abwerere pa 8GB, ukopere fayilo ya malipiro ija pena pake. Usakopere RAM yatsopano ili momo. Ine zinandionekera kale pa ofesi ina ku Makata, tinapanga backup yabwinobwino pa makina odwala chonchi, tsiku lofuna kuibwezeretsa zip ikukana kutseguka, CRC error. Mayi wa akaunti analira misozi ine ndili chiimire. Kuyambira tsiku limenelo sindikopera kanthu pa makina amene ndikuwakayikira memory.

Chemwali_wa_IT:
mdsched musamaikhulupirire kwambiri, ine yandinamizapo kangapo. Ikani MemTest86, pulogalamu ina yoyesera RAM, pa flash, mubute kuchokera pamenepo. Yaulere ija imalola ma pass 4, asiyeni onse athe, osati pass imodzi basi mwathimitsa poti mukuthamangira minibasi. Yesani RAM imodzi imodzi, yakale payokha, yatsopano payokha mu slot yomweyo, kenako zonse pamodzi. Error ngakhale imodzi ndi vuto. Zina zimadzaonekera kumapeto pa test 13, hammer test ija, ndiye pamafunika kudekha. Komanso tatiuzani, mwaziika ma slot ati? Zikhale m'ma slot a mtundu wofanana.

Wa_ku_Ginnery:
Zili m'ma slot a mtundu umodzi chemwali, CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zomwe zili m'makina, ikuti dual channel. Nthawi yoyesa katatu ndiitenga kuti? Ofesi amatseka 5 koloko ndipo salola makina kutuluka.

Zamagetsi_Ndirande:
Ndanena kale, power supply. Ma desktop a kaunjika awa amabwera atagwira kale ntchito zaka kunja, ma capacitor atatopa. Ndiye afike kuno magetsi ozimazima, jenereta ya ofesi ikalowa voteji ikudumphadumpha. Mwawonjezera katundu, yalephera kunyamula. Sinthani muone.

Chemwali_wa_IT:
Katundu wake uti achimwene? DDR4 imayendera 1.2V, imodzi imadya ma watt ochepa kwambiri, siingagwetse power supply. Akanaika graphics card bwenzi tikumvana. Ndipo power supply ikafooka makina amangothima kapena kuyambiranso okha, kawirikawiri sapereka MEMORY_MANAGEMENT tsiku lotsatira munthu atangogwira memory.

Tekinishani_Bangwe:
Aise, tawerenga ma chip pa RAM yatsopanoyo. Alipo angati, anayi kapena 8? Ndipo pa sitika pali 1Rx8 kapena 1Rx16? Ndikufunsa chifukwa ma 8GB ambiri a 3200 amene akubwera masiku ano ali ndi ma chip anayi okha, kutanthauza kuti chip iliyonse ndi ya 16Gbit. Ma processor a Intel a 6th gen ndi 7th gen, ngati i5-7500 yakoyi, anapangidwa nthawi ya ma chip a 8Gbit, ndipo ambiri sagwirizana nawo atsopanowa. Nthawi zambiri makina sayaka n'komwe, amangolira kapena kuphethira, koma poti wasakaniza ndi yakale sindingadabwe. Za 3200 zisakuopse pazokha, i5-7500 imathera pa 2400 ndipo RAM imatsika yokha kufika pamenepo. Tsegula CPU-Z, SPD tab, pomwe pamaoneka zomwe zinalembedwa mkati mwa RAM yomweyo, uone slot iliyonse, ufananize ndi zomwe zalembedwa pa sitika.

Madala_a_Sodala:
Pa sitika pamenepo wanena zoona. Chaka chatha mnyamata wina anandibweretsera ma RAM asanu m'thumba la shuga, masitika onse ofanana, owala bwino. Kuika mu makina, SPD ikunena wopanga wina, sitika ikunena wina, ma serial onse asanu nambala imodzi. Ndinamuuza abwerere nazo komwe anazitenga. Anakagulitsa kwa ena, ndikudziwa, mwina zili m'makina a wina pagulu pompano.

Wa_ku_Ginnery:
Ndili pa ofesi pano. Ma chip ndi anayi. 1Rx16. Yakale ndi 1Rx8, ma chip 8. Eish. Ndiye ndipange update BIOS? Ili pa version yakalekale, sanaigwirepo chigulireni.

Tekinishani_Bangwe:
Ukhoza kuyesa, pena zimathandiza, koma osalonjeza kasitomala. Chachidule n'kubweza imeneyo upeze 1Rx8 ya 2400 kapena 2666, ngakhale yochotsa m'makina ena.

Madala_a_Sodala:
BIOS usaigwire RAM yokayikitsayo ili mkati, ndapota nawe. Ndipo usaigwire popanda UPS, batire losunga magetsi lija. Magetsi akangothima pakati pa update ya BIOS, board yasanduka njerwa, ndiye uyambe kusaka wa programmer akuwerengere chip, Lachisanu likukuyang'ana. Ngati disk ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka disk uja, yamba wapanga suspend ndipo recovery key ikhale m'manja, apo ayi ukayatsa ikufunsa manambala 48 amene bwana wakoyo sanawaonepo chibadwire. Ine ndinagonapo pa ofesi ya anthu chifukwa cha zimenezi, kulumidwa ndi udzudzu usiku wonse, mlonda akundiseka.

Zamagetsi_Ndirande:
Ma chip anayi, ma chip 8, zonsezo n'zamabuku. Ine ndakonza makina zaka zambiri, blue screen yosinthasintha ma code ndi magetsi. Mubweza RAM, mugula ina, idzagwanso, mudzandipeza pompano.

Chemwali_wa_IT:
Ma code osinthasintha ndiye chizindikiro cha memory chimene achimwene. Driver ikakhala yolakwa imagwa malo amodzimodzi.

Zamagetsi_Ndirande:
Nanga memory imadya chiyani? Si magetsi? 12V ikamagwedera, regulator ya pa board ipereka bwanji 1.2V yoyera? Ayeze ndi mita basi, mphindi ziwiri.

Wophunzira_Chilomoni:
Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndikadali pa attachment. Abwana anga amati RAM ikavuta tizipukuta mano ake ndi rabala ya pensulo. Kodi apa sizingathandize?

Madala_a_Sodala:
Zimathandiza pa RAM yakale imene yachita dzimbiri ndi chinyezi cha chiperoni, kapena makina okhala m'fumbi ngati a m'mashopu a m'mbali mwa msewu. Koma pukuta pang'onopang'ono, nyenyeswa za rabala zisagwere mu slot, ndipo pafupi ndi mano pali tima resistor tating'ono kwambiri, ukakanikiza ndi chala timathothoka osaona n'komwe. Ine ndimakonda isopropyl. Spiriti wofiirira wa ku famase ayi, amasiya zotsalira. Ndipo chotsa chingwe cha magetsi, udinize batani la power kaye usanagwire RAM. Anyamata a masiku ano mumazula makina ali pa standby.

Tekinishani_Bangwe:
Vuto lina ndi ogulitsa. Ukabwerera nayo amaika mu makina awo a 10th gen, yayaka, "mwaona bwana, ndi yabwino, ndalama sitibweza." Ndipo sakunama, kwa iwo ndi yabwinodi. Ine masiku ano ndimanyamula makina a kasitomala pa kabaza mpaka pa shopu, tiyesere pomwepo ndisanatumize ndalama pa foni.

Chemwali_wa_IT:
Kuyaka pa shopu si umboni. Ya mnzathuyi inayakanso tsiku loyamba. Muzigwirizana masiku atatu obweza, alembe kuseri kwa risiti.

Tekinishani_Bangwe:
Risiti yake iti chemwali, kkkk. Ena mukawafunsa risiti mtengo umakwera pomwepo.

Wophunzira_Chilomoni:
Nanga DDR3L mu laptop yofuna DDR3 wamba zimatheka? Ndili ndi ina pano ya 4GB.

Madala_a_Sodala:
Imeneyo nthawi zambiri imayenda, DDR3L imalola 1.35V ndi 1.5V yomwe. Chobwerera ndiye chovuta, laptop ya 4th gen yofuna DDR3L ukaipatsa ya 1.5V imatha kukana. Tsegula funso lako padera mwana wanga, tisasokoneze za mnzathu.

Zamagetsi_Ndirande:
A Ginnery mwayeza 12V ija? Power supply yoyesera ndili nayo, mukadutsa ku Ndirande madzulo mutenge, mudzabweza Loweruka.