Choyanga cha maluwa abuluu chikungobwerera pa fensi ya bwana

Wa ku Pinetown: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa yadi yomwe ndimagwira Lachiwiri pali morning glory yomwe yakwera fensi yonse mpaka yakuta mtengo wa mandimu. Ndaisadza katatu chaka chino, koma pakatha milungu itatu yabwereranso. Madamu ayamba kundiyang'ana ngati ndimangokhala pamthunzi.

Wa ku Randburg: Musavutike achimwene. Kuno ndimangoizula isanabereke njere, yotsala chisanu cha mu Juni chimaimaliza.

Madala a ku Westville: A ku Randburg, musamusocheretse mwanayu. Zomera izi zilipo ziwiri zofanana nkhope. Yanu ya ku Johannesburg ndi Ipomoea purpurea, imakhala nyengo imodzi n'kufa, chaka chinacho imamera kuchokera ku njere. Kuno ku Durban, kufupi ndi nyanja, kulibe chisanu chopha zomera, ndipo yomwe yatisautsa ndi Ipomoea indica, yosafa chaka ndi chaka. Mphwanga, masamba ake ndi otani?

Wa ku Pinetown: Ena ali ngati mtima, ena ndi ogawika patatu. Tsinde lake ndi limodzi lomwelo.

Madala a ku Westville: Masamba amanamiza, zonse ziwiri zimatha kutero. Pita m'mawa ukaone duwa. La indica limatseguka lili buluu wowala, pofika masana lasanduka lofiirira ngati pinki, ndipo maluwa amakhala angapo pa phesi limodzi. Kenako tembenuza duwalo uone timasamba tobiriwira tomwe taligwira kunsi. Ta indica ndi tatitali, tosongoka ngati mchira, taubweya wofewa wogona. Ta purpurea ndi tatifupi ndipo m'munsi mwake muli ubweya woimirira. Chinanso funafuna zipatso zouma. Purpurea imabereka timipira tambirimbiri toweramira pansi, m'kati muli njere zakuda zofika 6. Indica kawirikawiri duwa limangofota osasiya kanthu.

Wa ku Pinetown: Njere sindinaonepo ndi imodzi yomwe, madala. Nanga ikuchulukana bwanji?

Mayi wa ku nazale: Mwaiwala mmene timadzalira mbatata kumudzi? Sitifesa njere, timadula kholowa n'kukwirira pa mzere. Mbatatanso ndi Ipomoea, ndi pachibale. Indica imayala zingwe pansi pa zinyalala, mfundo iliyonse yokhudza dothi imatulutsa mizu. Ndiye mukamasadza ndi makina odulira udzu aja, tizidutswa n'kumwazika, mukuidzala ndinu nomwe. Zomwe mwadulazo mumataya kuti?

Wa ku Pinetown: Pa mulu wa manyowa kuseri kwa garaja...

Mayi wa ku nazale: Ndiye nazale yake ndi imeneyo! Kafukuleni muone.

Wa ku Randburg: Apa ndavomera, ine ndimaziona ngati chinthu chimodzi. Koma yangayinso si yamasewera, njere zake zimakhalitsa m'dothi zaka zingapo.

Madala a ku Westville: Chita chonchi mphwanga. Dula zingwe zonse cha m'chiuno, za m'mwambazo uzisiye ziumire pomwepo, ukamakoka uthyola nthambi za mandimu. Zapansi uzilondole ndi manja n'kumakulunga ngati chingwe cha mbuzi mpaka ufike pomwe pali muzu waukulu, ukumbe. Ntchito imeneyi imakoma mvula itangogwa. Zonse ulonge m'matumba akuda, zipse padzuwa, osati pa manyowa. Muzu ukalowa pansi pa simenti, paka mankhwala opha udzu a glyphosate pachitsa ukangodula, utavala magolovesi. Madamuwo uwauze kuti m'dziko muno la South Africa chomerachi chili pa mndandanda wa zomera zobwera zoononga chilengedwe, ndipo uzibwererapo miyezi ingapo.

Mayi wa ku nazale: Ndipo wina asatengeke ndi chibale chija n'kukathyola ndiwo, si kholowa ameneyo.

Wa ku Pinetown: Ndafukula mulu uja lero. Mizu yoyera mbee paliponse, ndipo chingwe china chadutsa pansi pa khoma kuchokera kwa aneba. Madala, kumeneko ndikalankhule ndekha kapena ndiwasiyire madamu?