Za achimwene aja, papita miyezi itatu

Mu Malichi ndinafunsa kuti ndimuuze chiyani mwana wa achimwene anga, amene anadzipha, akamafunsa za bambo ake. Ambiri munati ndisamunamize. Loweruka lapitali, titakhala pakhonde kwathu ku Makawa, ndinamuuza kuti bambo ake ankadwala maganizo, matenda osaoneka ndi maso, ndipo iye sanalakwe chilichonse. Anangoti zii. Kenako anapempha chipewa chimene bambo akewo ankavala pokagula usipa kunyanja. Akugona nacho.

Ine ndiye zikundivutabe. Njinga yamoto ikaima panja madzulo, mtima umati phwii, ndimayesa ndi iwo. Amayi nsima akungoitsina pang'ono. Ndayamba kukaonana ndi namwino wa zamaganizo kuchipatala ku boma. Kumeneko ndimalira momasuka, kopanda ondiuza kuti achimwene analodzedwa.