Ndasintha injini ya Probox koma getsi la check engine silikuzima, ndithandizeni

Akuluakulu, moni nonse. Ndikulemba ndili ku Ulongue, ndipo nkhaniyi yandisowetsa tulo sabata ziwiri tsopano.

Ndili ndi Toyota Probox ya injini ya 1NZ, ija ya 1.5. Ndi imene ikudyetsa ana kwathu, chifukwa ndimanyamulira mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Dómue kukagulitsa ku Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Mwezi watha ndikubwerera, nditangodutsa pa Mussacama, paipi ya madzi inaphulika ine osazindikira. Pomwe ndinkaima n'kuti injini itapsa kale, oilo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Ndinagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zanga za pangolo n'kugula injini ina yogwirapo kale ntchito, 1NZ yomweyo, koma yochotsedwa m'galimoto ya mtundu wina.

Makaniko anaiika bwinobwino, ndipo mawaya ndi kompyuta bokosi (kompyuta yolamulira injini) anasiya zanga zakale. Tsiku loyamba inayenda ngati yatsopano. Mawa lake getsi lachikasu la check engine lija, lochenjeza za vuto la injini, linayaka. Tinachotsa batire, linazima, koma patangopita tsiku linabweranso. Ndikaima pamphambano galimoto imanjenjemera mpaka makiyi kumalira, ndipo petulo ikumwa kuposa kale.

Ndinakaiika pa makina oyezera zovuta za galimoto ku Tete, anatulutsa manambala awiri osonyeza vuto, P0135 ndi P0171. Mmisiri wina akuti ndigule kompyuta bokosi ina. Winanso akuti tingochotsa kababu, galimoto ndiye ikuyenda. Ndalama ndilibe, komanso mtima wanga sukulola zochotsa babu. Kodi ndichite chiyani? Nanga ndingapitirize kunyamula katundu chonchi?

Makaniko wa ku Moatize:
Achimwene, pepani kwambiri ndi ng'ombeyo. Kompyuta musagule kaye. Manambala awiriwo sakunena za kompyuta, akunena zinthu zimene zimaiwalika kawirikawiri pomanga injini. P0135 ndi ya sensa ya utsi yoyamba, imene ili pa ekizozi kumbuyo kwa injini. M'kati mwake muli kawaya kotenthetsa, ndipo kompyuta ikudandaula kuti magetsi sakuyenda bwino m'menemo. Onani ngati pulagi yake inalowa mpaka kulira kuti "tha", onani ma fyuzi, ndipo tsatirani waya ndi dzanja injini itazizira. Kawirikawiri ndimaupeza utagona pa ekizozi n'kusungunuka.

P0171 ndiye ikutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Penapake ukulowa mwakuba, pambuyo pa sensa imene imauyeza ija ya pa bokosi la eya kilina. Lizani injini, zimitsani wailesi, tcherani khutu pafupi ndi timapaipi tating'ono. Mukamva "tsiii", vuto lili pomwepo. Kunjenjemera mukunenako kukugwirizana ndi zimenezi. Za kuti getsi linayaka tsiku lachiwiri musadabwe, mavuto amenewa kompyuta imadikira kuwaona maulendo awiri isanayatse.

Dalaivala wa chapa (minibasi), Zóbuè:
Zochotsa babuzo ayi ndithu, mkulu wanga. Tsiku limene injini idzadwale zenizeni mudzadziwa bwanji? Likamayaka chiyakire mutha kuyenda pang'onopang'ono kupita kwa makaniko. Koma likayamba kuphethira, imani pompo, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta.

Mayi wa ku Tsangano:
Bambo, funso langa ndi limodzi. Sensa ya utsiyo ndi yanu yakale kapena inabwera ndi injini? Yathu inativuta chimodzimodzi. Injini za 1NZ zinaikidwa m'galimoto zambiri, Corolla, Vitz, Probox, kwa zaka zambiri, ndipo masensa ake si onse ofanana ngakhale akuoneka ngati amodzi. Titabwezera yakale, getsi linazima. Injini yakupsayo musaigulitse kwa a zitsulo musanachotse masensa onse. Komanso ndi fumbi la m'misewu yathu ya kuminda, tsukitsani sensa ya mpweya ija ndi mankhwala ake opopera, osati petulo, ndipo asaikhudze ndi chala.

Mwini funso:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. M'mawa uno tinatsegula boneti ndi makaniko wanga, ndinamuwerengera zimene mwalembazi ndipo sanakane. Tinamvadi kulira kuja. Kapaipi kena kochokera pa chivundikiro cha injini kanali kong'ambika chapansi, pomwe diso silifika, ndipo chala changa chinalowa pang'aluyo. Tasintha, kunjenjemera kwatheratu.

Sensa ya utsi, amayi a ku Tsangano, mwalasa. Ndi yobwera ndi injini, ndipo pulagi yake sinkagwirizana ndi mawaya anga, choncho anadula n'kulumikiza ndi tepi. Yakale ikadali pa injini yakupsa ija kuseri kwa nyumba, koma yagwira dzimbiri, sipanala ikungoterereka. A Moatize, ndiimasule bwanji osaithyola? Lachinayi ndili ndi matumba a mbatatesi oti ndikasiye ku Tete.

Makaniko wa ku Moatize:
Ipopereni mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga pokha madzulo ano, igone usiku wonse. Mawa gwiritsani sipanala ya 22 yozungulira mutu wonse, osati yotsegula kukamwa. Bwezeraninso pulagi imene anadula ija m'malo mwa tepi, kenako mufufutitse manambalawo pa makina. Mutiuze Lachisanu mukabwerako.