Mwana wanga wayamba kulephera chilowereni Sitandade 5, ndingamuthandize bwanji?

Mayi wa ana atatu, Dedza:
Makolo anzanga ndi aphunzitsi amene muli muno, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamkazi ankakhoza bwino kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, koma chilowereni Sitandade 5, kumene maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, malikisi ake atsika kwambiri, ndipo m'mawa uliwonse akumadandaula mutu kuti asapite kusukulu. Ine sukulu ndinalekezera panjira, moti Chingerezi cha m'mabuku ake sindichimva, komanso ndalama za pataimu ndilibe. Kodi kholo longa ine lingachitepo chiyani?

Mphunzitsi wa pulayimale, Ntcheu:
Mayi, vuto limeneli timaliona chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri nzeru za mwana zimakhala zilipo ndithu, chomwe chamusokoneza n'chiyankhulo. Mwachita bwino kufunsa msanga, chifukwa mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa mu Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa.

Kuona makope a mwana sikulira Chingerezi. Madzulo aliwonse atsegule kope pamaso panu, muone ngati tsiku lalembedwa pamwamba, ngati ntchito yathera pomwe iyenera kuthera, ndiponso ngati cholembera chofiira cha mphunzitsi chadutsamo. Mukatero mumuuze kuti akufotokozereni m'Chichewa zomwe waphunzira. Akatha kukuuzani mmene mbewu imamerera, ndiye kuti phunziro walimva. Akangobwereza mawu a Chingerezi osatha kuwamasulira, dziwani kuti wangoloweza. Pamene wakakamira pamenepo muikepo chizindikiro, mupite napo kwa mphunzitsi wa kalasi yake teremu isanafike pakati. Musadikire tsiku lotsekera sukulu. Makalasi athu ndi odzaza zedi, ndipo kunena zoona, mwana amene kholo lake labwera kudzafunsa sitimuiwala.

Mayi wa mother group (gulu la amayi lolimbikitsa atsikana kupitiriza sukulu), Mchinji:
Aphunzitsi anena bwino, koma ine chandikhudza ndi mutu wa m'mawawo. Amayi anzanga, khalani naye pansi muli awiri, mumufunse modekha. Mwina anzake amamuseka akalakwitsa kuwerenga, mwina akupita ndi njala, mwinanso wayandikira kutha msinkhu ndipo akusowa womuuza. Atsikana ambiri amene timawalondola kunyumba atayamba kujomba amakhala kuti akusowa nsalu zodzisamalira akakhala kumwezi, ndipo amachita manyazi kunena. Onaninso ntchito zapakhomo. Mwana amene watunga madzi, watsuka mbale, wapita kuchigayo, kenako n'kutsegula buku kutada, amangosinza. Alongo ake agawaneko ntchitozo, ndipo tsiku la msika musamutume kukagulitsa malonda nthawi ya sukulu.

Bambo wa ana asanu, Zomba:
Pa nkhani ya pataimu musadandaule kwambiri, mayi. Funani mwana wa sekondale wamakhalidwe abwino m'mudzi mwanumo, makamaka mtsikana, kuti aziwerenga naye mokweza Loweruka masana kukadali kowala. Inunso muzikhala pomwepo, ngakhale mukusankha nyemba.

Mayi wa ana atatu, Dedza:
Zikomo nonse. Za makope ndiyamba madzulo ano, ndipo Lolemba ndipita kusukulu. Aphunzitsi, kodi ndiyambire kwa ahedi, kapena ndingathe kupita kwa mphunzitsi wa kalasi mwachindunji?