Atropine pa womwa Temik: chifuwa chauma, ndiye tipitirize bwanji popanda pampu?

Akuluakulu ogwira ntchito kuzipatala, ndikupempha nzeru zanu pa odwala omwa Temik kapena mankhwala opopera mbewu a organophosphate.

Poyambira palibe chovuta. Poizoniyu amatseka acetylcholinesterase (chinthu cha m'thupi chimene chimaphwanya acetylcholine, mankhwala onyamula uthenga wa m'minyewa), acetylcholine n'kuchuluka m'thupi, ndiye munthu amatuluka dovu ndi thukuta, chifuwa chimadzaza madzi, mtima umagunda pang'onopang'ono. Timabaya atropine (mankhwala ochepetsa mphamvu ya acetylcholine) 1.8 mpaka 3 mg mumtsempha, n'kumawirikiza kawiri mlingowo mphindi 5 zilizonse mpaka chifuwa chiume, mtima upitirire 80 pamphindi ndipo BP yapamwamba ipitirire 80.

Pondivuta ndi pambuyo pake. Malangizo amati tipitirize ndi 10 mpaka 20 peresenti ya atropine yense amene wabayidwa, pa ola lililonse. Nanga kuchipatala chaching'ono kopanda pampu (makina olowetsa mankhwala mumtsempha pa liwiro losasintha), wodwala akudikira ambulansi, mumatani? Mumathira mudiripi n'kumawerenga madontho, kapena mumabaya pang'onopang'ono ola ndi ola? Ine diripi ndimaikayikira, chifukwa pamsewu wa mabampu madontho amasintha liwiro. Akachepa chifuwa chimadzazanso, akachuluka wodwala amabwebweta, thupi limatentha, mkodzo umatsekeka.

Funso lina: mtima ukuthamanga 120 koma chifuwa chidakali chonyowa. Maganizo anga ndi akuti tisasiye atropine, poti kuthamangako kungachokere ku kuchepa kwa okosijeni kapena ku nicotinic receptors (malo ena m'thupi amene acetylcholine amagwirapo ntchito), omwe atropine sawakhudza. Alipo amene amaimitsa pamenepa? Chifukwa chake n'chiyani?