Compound yathu ikugwira mu MUNANA koma m'maselo ayi

Woyambitsa nkhani: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi compound (mankhwala oyesera) yatsopano yomwe tikufuna kuti izitseka neuraminidase (NA), enzyme ya kachilombo ka chimfine ka H1N1. Mu assay ya MUNANA (mayeso omwe enzyme imadula MUNANA n'kutulutsa chinthu chowala chotchedwa 4-MU) compound ikuoneka yamphamvu zedi, kuwala kumatsika ngakhale tithire pang'ono chabe. Koma pa maselo a MDCK, omwe timayeserapo mu labotale, kachilombo kakungoswana, ma plaque (timabwalo ta maselo ophedwa ndi kachilombo) ali mbwee. Chinanso chikundizunguza mutu n'chakuti oseltamivir (mankhwala a chimfine otseka neuraminidase) yemwe tikuyerekezera naye akuoneka wofooka mu assay yomweyo.

Wa chemistry: Oseltamivir wake uti, achimwene? Ngati pabotolo palembedwa phosphate, vuto loyamba ndi limenelo. Ameneyo sagwira ntchito mpaka ma enzyme otchedwa esterase a m'chiwindi amusandutse carboxylate, ndipo m'mbale yanuyo mulibe chiwindi. Itanitsani carboxylate, apo ayi yerekezerani ndi zanamivir, mankhwala ena otseka neuraminidase.

Mayi wa ku screening: Ine ndikukayikira compound yeniyeniyo. Ndi ya mtundu wanji? Makina amawerenga kuwala kwa 4-MU, amawalitsa pa 360 nm n'kuwerenga cha pa 450 nm. Compound yachikasu imatha kumeza kuwala kumeneko, inu n'kumasangalala kuti enzyme yatsekedwa pomwe ikudula MUNANA mwakale. Thirani compound mu 4-MU yekha, popanda kachilombo. Kuwala kukatsikabe, ndiye kuti yakupusitsani. Zoterezi zadyetsa anthu ambiri ndalama za polojekiti pachabe.

Wa virology: Mayiwa anena zoona, komabe musafulumire kuitaya. Mankhwala otseka neuraminidase saletsa kachilombo kulowa m'selo, amangokalepheretsa kuchoka kuti kakagwire maselo ena. Ndiye yezani kukula kwa ma plaque, kuwerenga chiwerengero chokha sikukwanira, ndipo ngati muli ndi maselo a MDCK-SIAT1 (mtundu wina wa MDCK) gwiritsani amenewo. Muonenso sequence ya NA yanu. H1N1 ya nyengo ya 2008 mpaka 2009 pafupifupi yonse inali ndi H275Y (kusintha kwina kwa mu NA), ndipo oseltamivir amafooka nayo pamene zanamivir amagwirabe.

Woyambitsa nkhani: Botolo ndi la phosphate, ndipo compound ndi yachikasu ndithu, mu DMSO yomwe timasungunulira imachita kuoneka. Kachilombo ndi ka 2009 pandemic, H275Y mulibe. Mawa ndiyamba ndi 4-MU.

Mayi wa ku screening: Ikameza kuwala, bwerezani ndi assay ina yotchedwa NA-Star, yomwe sifuna kuwalitsidwa ndi makina, ngakhale nayonso muiyese kaye popanda compound ndi poithira. Ndipo musanalembe EC50 iliyonse (mlingo wochepetsa kachilombo ndi theka), tiuzeni CC50 ya compound (mlingo wopha theka la maselo) pa maselo omwewo.